Filimu ya Amake Esther

Kuseri kwa msika wa pa boma la Chadiza, pakati pa chigayo ndi kanyumba kometeramo ka a Lenard, pali nyumba yaitali ya malata yopanda mawindo. Imeneyo ndi vidiyo ya a Simeoni Mbewe. Anaitsegula mu 2003 atagulitsa thonje, ali ndi TV imodzi ndi jenereta yakale yogula ku Chipata. Masiku amenewo ukachedwa unkaima pakhomo, chifukwa mabenchi onse khumi ndi awiri ankadzaza filimu isanayambe. A Simeoni ankakhala pambali pa TV atagwira maikolofoni, n'kumamasulira zonse m'Chichewa. Chingerezi chawo chinali cha giredi naini, ndipo Chitchaina ndi Chimwenye sankachimva n'komwe, koma palibe anadandaulapo. Mawu akawasowa ankaikapo awoawo, ndipo anthu ankati awowo ndiwo ankakoma.

Chimene chinawatchukitsa kwenikweni ndi bolodi lakuda lomwe linkatsamira khoma panja. Poyamba ankalembapo mafilimu a tsikulo basi. Kenaka dalaivala wina wa minibasi anayamba kuwabweretsera manyuzipepala akale ochokera ku Chipata, ndipo a Simeoni anayamba kulembaponso mafilimu amene sanatuluke, ndi mwezi umene adzatuluke. Chaka chilichonse ikayandikira nyengo imene akuluakulu a mafilimu kunja amapereka mphoto, ankalemba ndi choko amene akuona kuti atenga. Ambiri mwa mafilimuwo anali asanawaonere. Ankangowerenga nkhani yake, ndipo mafoni atabwera ankaonera tizidutswa totsatsira tija kawiri katatu, n'kugamula.

"Oweruza aja ndi anthu okhuta," ankatero kwa a Lenard. "Wokhuta safuna kuseka. Amafuna kumva chisoni pang'ono, kenaka akagone. Filimu yoseketsa siwina. Yang'anani imene muli munthu wodwala, kapena wam'ndende, kapena nkhani yoti inachitikadi."

A Lenard ankatsutsa chaka ndi chaka, mwina pongofuna kuti mkangano usafe. Pangano lawo linali loti a Simeoni akalondola azimetedwa ulere mpaka Pasaka, akaphonya asese pakhomo pa a Lenard sabata yathunthu. Pa zaka zonsezo anasesa kanayi kokha.

Mafoni omwewo ndiwo anapha vidiyo. Aliyense anayamba kuyenda ndi mafilimu ake m'thumba, ndipo mabenchi anayamba kugwira fumbi. A Simeoni anatsala ndi mpira wa Loweruka ndi Lamlungu, ndi kutchajira anthu mafoni. Koma bolodi sanalisiye.

Akazi awo, a Lefina, amene aliyense ankawatchula amake Esther, sanalowepo m'vidiyomo kukaonera ngakhale tsiku limodzi. Ankati mdima wa masana ndi wa anthu opanda minda. Iwo ankakhala kumudzi ku Zemba, kulima chimanga, nshawa ndi thonje, ndiponso kuimba kwaya kutchalitchi chawo chaching'ono. A Simeoni ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa vidiyo, Lolemba n'kupalasa njinga kupita kumudzi, Lachinayi n'kubwerera. Akafika ndi nkhani za mafilimu, a Lefina ankamvetsera manja ali pa ntchito, pamapeto pake n'kufunsa funso limodzi lomwelo: "Nanga anthuwo amadya nthawi yanji?"

Mu Julaye 2021 kunabwera galimoto ziwiri zochokera ku Lusaka, zodzaza ndi mabokosi akuda ndi zitsulo. Wotsogolera anali mtsikana wamfupi wometa mpala, dzina lake Alinaswe. Anati akujambula filimu ya mtsikana wa m'tauni amene abwerera kumudzi kudzaika bambo ake, n'kupeza kuti munda wa bambo akewo ukulimbiranidwa. Anthu a pamsika onse anamulozera kwa a Simeoni. Tsiku limenelo a Simeoni anavala jekete. Ankaona ngati zaka zonse za pa maikolofoni zinali kukonzekera tsiku lomweli.

Alinaswe anawamvetsera mwaulemu, anabwereka mabenchi asanu ndi jenereta, nawapempha kuti amuperekeze kumidzi kukaona malo. Anapita naye ku Zemba. Anafika pa nthawi imene ogula thonje anali atamangirira sikelo pa mtengo, ndipo a Lefina anali ataima patsogolo pa sikeloyo, manja m'chiuno, akuuza wogulayo kuti ayezenso thumba lawo. Sankakweza mawu. Ankangobwereza, wogulayo akuyang'ana kumbali, mpaka anayezanso. Alinaswe anaima n'kumaonerera mpaka zonse zinatha.

"Amayi awo ndani?" anafunsa.

"Ndi akunyumba kwanga," a Simeoni anayankha, ali ndi kamanyazi.

"Ndawafunafuna miyezi inayi ku Lusaka. Ndiwo azakhali a m'filimu yanga."

A Lefina anakana kawiri. Kachitatu anavomera atamva kuti akalipidwa zokwanira malata a khitchini. Anajambulidwa masiku asanu ndi anayi. A Simeoni, katswiri wa mafilimu wa boma lonse la Chadiza, ankaima kuseri kwa chingwe pamodzi ndi anthu ena onse, patali moti sankamva zimene zikuyankhulidwa. Madzulo a Lefina ankabwera akuseka.

"Lero anditsegulitsa chitseko ka khumi ndi kanayi. Chitseko chimodzi chomwecho. Ndiye zimene mumaonetsa anthu zija ndi zimenezi, atate ake Esther?"

"Nanga munayankhula chiyani? Tandiuzani mawu ake."

"Mudzamva pa vidiyo yanu. Inu si ndinu mumadziwa zonse zisanachitike?"

Potsanzika, Alinaswe analonjeza pamaso pa anthu kuti filimu idzatuluka mu Ogasiti chaka chotsatira, ndipo malo oyamba kuionetsa adzakhala vidiyo ya a Mbewe. A Simeoni analemba pamwamba penipeni pa bolodi ndi zilembo zazikulu: IKUBWERA, OGASITI 2022. Dzina lenileni la filimuyo anthu sanaligwire. Onse ankangoti filimu ya amake Esther.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, a Lefina anagwa m'munda wa nshawa akupalira. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi limene sankalilabadira. Anawanyamula pa ngolo, koma anatsirizika asanafike kuchipatala. Linali Lachisanu, a Simeoni ali pa boma. Uthenga unawapeza akulumikiza mawaya a mpira wa mawa lake.

Maliro atatha, mwana wawo Esther, amene anakwatiwa ku Chipata, anafunafuna chithunzi cha amayi ake m'nyumba monse. Anapeza ziwiri. China chinali cha pa chitupa cha boma, chojambulidwa a Lefina ali mtsikana, chofufutika moti akanatha kukhala munthu wina aliyense. China chinali cha pa ukwati wa Esther yemweyo, ndipo a Lefina anali atatchinga nkhope ndi chitenje, chifukwa sankakonda makamera.

"Osadandaula," a Simeoni anamuuza. "Ogasiti si kale. Tidzawaona akuyenda, akuyankhula. Ndi angati ali ndi mwayi umenewo?"

Ogasiti anafika, n'kudutsa. Alinaswe anaimba foni, anapepesa maliro kachiwiri, nati ntchito yolumikiza zithunzi yachedwa, mwina Disembala. A Simeoni anafufuta pa bolodi n'kulemba Disembala. Mu Disembala Alinaswe anati mawu sanamveke bwino, awatumiza ku South Africa kuti akawakonze. A Simeoni analemba Epulo. Mu Epulo Alinaswe anaimba ali wokondwa: filimu yatha, ndipo yaitanidwa ku chionetsero chachikulu ku Ulaya.

"Ndiye mutitumizire ifenso tione," anatero a Simeoni.

"Atate, lamulo la zionetserozi ndi loti filimu isaonetsedwe kwina kulikonse iwo asanaione. Ikangotuluka, aichotsa pa mndandanda."

"Sindionetsa anthu. Nditseka chitseko, ndionera ndekha ndi mwana wanga."

"Ndikudziwa, atate. Koma sili m'manja mwanga tsopano. Tinasainirana mapepala ndi kampani imene inatithandiza kuimaliza. Ngakhale ine ndilibe yangayanga."

A Simeoni lamuloli ankalidziwa bwino. Iwo omwe anali atawafotokozerapo a Lenard kangapo chifukwa chake mafilimu amachedwa kufika kwa anthu wamba. Anatseka foni, nakhala pa benchi mpaka wina anabwera kudzatenga foni yake yotchaja.

Patapita milungu ingapo kanatuluka kachidutswa kotsatsira, ka mphindi imodzi ndi theka. Esther anakatumiza kuchokera ku Chipata. Munali msewu wa ku Zemba, mtsikana wa m'tauni uja akulira, moto m'munda, amuna awiri akukankhana. Chakumapeto chitseko chinatseguka, ndipo panaoneka dzanja ndi phewa la munthu wovala chitenje cha masamba obiriwira. Nkhope isanatulukire, chithunzi chinasintha. A Simeoni anaimitsa pamenepo kosawerengeka, akuyesa kugwira kamphindi kamene mwina tsaya likuoneka. Silinkaoneka. Chitenjecho chinali m'sutikesi kumudzi, ndipo dzanjalo ankalidziwa mpaka chipsera cha chikwakwa pa chala chachikulu.

Filimuyo inayenda maiko. Alinaswe ankatumiza zithunzi zake ataima pa makapeti, atavala zovala zimene a Lenard ankati ndi makatani. Azungu ankaonera a Lefina akutsegula chitseko, akuyankhula mawu amene mwamuna wawo sanawamve. Nyuzipepala ina ya kunja inalemba kuti mayi amene anasewera ngati azakhali ndiye msana wa filimu yonse. A Simeoni anawerenga chiganizo chimenecho pa foni, nakachiwerengeranso azimayi a kwaya ku Zemba, akumasulira monga ankachitira kale. Pa bolodi anasiya kulemba mwezi. Panangotsala IKUBWERA.

Chakumayambiriro kwa 2024 kunabwera nkhani yoti filimuyo yalowa m'gulu la mafilimu asanu opikisana pa mphoto yaikulu ya mafilimu a mu Africa. Alinaswe anafotokoza mosabisa. Ikawina, kampani ina ya TV inali itanena kuti idzaigula, ndipo pakutha pa miyezi itatu idzakhala paliponse. Ikapanda kuwina, sankadziwa. Iye ndi kampani imene inamuthandiza kumaliza filimu ija anali atayamba kale kukokana pa nkhani ya mwini filimu.

Pamsika ponse panali funso limodzi. Azimayi ogulitsa tomato, anyamata a njinga zakabaza, ngakhale aphunzitsi odutsa, onse ankaima pa bolodi. "A Mbewe, lembanitu. Tiwina?"

A Simeoni anagula bandulo ya intaneti, nakhala m'vidiyo masiku awiri akuonera tizidutswa ta mafilimu anayi enawo. Atatu sanawadetse nkhawa. Yachinayi inali ya ku West Africa, nkhani ya mphunzitsi amene anamangidwa zaka makumi awiri popanda mlandu, ndipo inachitikadi. Munthuyo anali adakali moyo, ndipo zinamveka kuti adzakhalapo pa mwambowo, pa njinga ya olumala. A Simeoni anaonera kachidutswako kamodzi kokha. Sipanafunike kachiwiri. Zaka makumi awiri za pa bolodi zinawauza yankho, ndipo anayesetsa kulitsutsa koma analephera. Anafufuza mayina a oweruza, anawerenga amene anawina zaka zisanu zapitazo, akufuna kabowo koti filimu yawo n'kudutsirapo. Sanakapeze.

Tsiku lachitatu anatuluka ndi choko. A Lenard anasiya munthu pampando atametedwa theka, nabwera kudzaima pambuyo pawo. A Simeoni analemba dzina la filimu ya Alinaswe. Anthu amene analipo anaomba m'manja.

A Lenard anadikira kuti anthu abalalike. "Achimwene, mwaona ija ya wam'ndende?"

"Ndaiona."

"Nanga?"

"Ndalemba zimene ndalemba. Simutsutsa chaka chino?"

"Chaka chino ayi," anatero a Lenard, nabwerera kwa munthu wawo.

Mwambowo unachitika Loweruka kudziko lina. Lamlungu m'mawa a Simeoni anapita ku Misa yoyamba ku parishi foni atazimitsa, ndipo atatuluka anayenda pang'onopang'ono mpaka ku vidiyo asanaiyatse. Munali uthenga umodzi wa Alinaswe: "Pepani atate." Inawina ya wam'ndende ija. Anthu amene ankabwera kudzaonera mpira masana amenewo ankawapatsa moni motsitsa mawu ngati pa siwa. Wina anati oweruza anadya ziphuphu, wina anati amadana ndi Zambia. A Simeoni anangopitiriza kulumikiza mawaya a mpira. Mumtima ankadziwa kuti akanakhala woweruza, mwina iwonso akanasankha yomweyo, ndipo zimenezo zinkawapweteka kuposa zonse.

Kampani ya TV ija inangoti zii. Mkangano wa Alinaswe ndi kampani imene anasainirana nayo mapepala ija unafika kwa maloya, ndipo kunatuluka kalata yoletsa kuonetsa filimuyo kulikonse mpaka mlandu utatha. A Simeoni ankaimba foni tsiku loyamba la mwezi uliwonse. Nthawi zina Alinaswe ankayankha, nthawi zina ayi.

Atakolola chaka chimenecho, Esther anati, "Atate, pitani konko. Pafoni munthu amakana mosavuta. Akakuonani maso ndi maso, mwina."

Anakwera minibasi mpaka ku Chipata, nagona kwa Esther, m'mawa mwake n'kukwera basi yaikulu ya ku Lusaka. Aka kanali kachiwiri m'moyo wawo kufika mumzindawo. Ankayembekezera ofesi ya magalasi. Anapeza Alinaswe akukhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya mkulu wake, akujambula maukwati kuti apeze chakudya. Anali ataonda. Anawalandira ndi manja awiri, nawaphikira tiyi, kenaka anatsegula kompyuta n'kuwaonetsa pamene kale ankalowera kuti aonere filimu yake. Tsopano pankangotuluka mawu ofiira oti saloledwa.

"Zonse zimene tinajambula zili pa makina awo ku South Africa," anatero. "Ndinali wopusa, sindinasunge zanga. Ndinkaona ngati ndi abale."

"Ndiye inu munaionera kangati?"

"Kambirimbiri."

"Tandiuzani zimene amayankhula. Akatsegula chitseko chija, amati chiyani?"

Alinaswe anayesa. Anati azakhali amamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kenaka amati, "Wabwera ndi nsapato zimenezo?" Anayesa kutengera mawu a a Lefina, koma Chinyanja chake cha ku Lusaka chinkapotoza zonse, ndipo pakati pake anayamba kulira. A Simeoni anapezeka kuti ndiwo akumutonthoza.

Atapukuta misozi, anatenga foni yake yakale m'kabati, yosweka galasi, naiika pa tchaja. Anati masiku ojambula aja ankatenga tizithunzi take tapambali, mwina muli kanthu. Anafufuza nthawi yaitali. Munali anyamata onyamula zitsulo, mbuzi, mtsikana wa m'tauni uja akudzola. Kenaka anapeza kamodzi ka masekondi makumi anayi.

A Lefina anali atakhala pa mtondo wogwetsa pansi, akudikira kuti aitanidwe, akusenda nshawa m'lichero la eni nyumba. Dzuwa linali kumaso kwawo. Mawu a Alinaswe anamveka akufunsa ngati atopa. A Lefina anakweza mutu. "Kutopa ndi chiyani, kukhala pansiku? Koma mundiuze ngati tichedwe, mbuzi zanga sizinamwe." Kenaka anaona kuti akujambulidwa, anaseka, natchinga nkhope ndi lichero, nshawa n'kutayikira pansi. Panathera pomwepo.

A Simeoni anaonera kamodzi, napempha kuti abwereze. Sanalire. Anangogwira m'mphepete mwa tebulo. Alinaswe anakatumiza ku foni yawo, ndipo iwo anamupempha kuti atumizenso kwa Esther nthawi yomweyo, kuopa kuti foni ingabedwe m'basi.

Lamlungu lotsatira, mapemphero atatha ku Zemba, azimayi a kwaya anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Foni inayenda dzanja ndi dzanja. Ena ankaseka, ena ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo mmodzi anati lichero limenelo ndi lake. A Felicia, akulu awo a a Lefina, anaonera komaliza. Anaigwira foniyo patali ndi maso, ndipo itatha anadikira ngati ipitirira.

"Yatha?"

"Yatha, alamu."

"Nanga ija yaitali, ya masiku asanu ndi anayi?"

"Ili ku khoti."

"Idzatuluka liti?"

"Sindikudziwa."

"Inu simukudziwa?"

"Sindikudziwa, alamu."

A Felicia anawabwezera foni. "Ine zaka zanga zapita. Mukadzamva kanthu mudzanditumizire munthu msanga."

Mlanduwo unaimitsidwa kawiri chaka chathachi, ndipo Alinaswe akuti loya wake wasamukira ku Kitwe. A Simeoni tsopano amakhala kumudzi masiku ambiri, chifukwa munda ulibe wina wouyang'anira, ndipo kulima sakuzolowera. Nshawa za chaka chino anabzala mochedwa. Vidiyo amatsegula Loweruka ndi Lamlungu basi, ndipo makiyi a masiku enawo ali ndi a Lenard, amene amasungiramo mipando yawo yothyoka.